Kugula Tikiti ya Sitima Yapanyanja ya Dziko la Eni

Nkhani ya sabata ino ikunena za maulendo okasangalala pa sitima zikuluzikulu za panyanja yamchere, maulendo amene Angerezi amawatcha cruise, makamaka zimene zimamuonekera munthu akafuna kugula malo pa sitima ya kampani ya dziko lina pamene iye sakhala m'dzikomo.

Omvera a m'mbali mwa nyanja ya Malaŵi amaidziŵa bwino Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjapo kuyambira 1951. Wokwera Ilala amakhala ndi kumene akupita: wina atsikira pa Nkhotakota, wina pa Likoma, wina pa Nkhata Bay ndi akatundu ake. Sitima zimene zikukambidwa pano n'zosiyana. Wokwerayo ulendo wake ndi sitimayo. Amagona momwemo ndi kudya momwemo, m'maŵa amadzuka ili pa doko lina, n'kutsika kukaona malo, madzulo n'kubwerera m'chipinda chake, mpaka atatha masiku atatu, sabata kapena masabata aŵiri, sitima imakam'tula, kaŵirikaŵiri pa doko lomwe lija anakwerera. Zazikulu mwa izo zimanyamula alendo oposa 5,000, osaŵerengera antchito.

Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe ndi maiko opanda gombe la nyanja yamchere, ndipo alibe kampani ya sitima zoterezi. Tsono munthu wa m'maiko ameneŵa amakhala mlendo kuyambira tsiku limene wagula tikiti. Doko lapafupi lokwererapo ndi Durban, kumene kampani ya MSC Cruises, imene likulu lake lili ku Geneva, imatumiza sitima m'miyezi yadzinja, kuyambira cha mu November mpaka cha mu March kapena April. Kuchokera ku Durban sitimayo imapita ku Portuguese Island pafupi ndi Maputo ndiponso ku Pomene m'dziko la Mozambique, ndipo kuchokera ku Cape Town imafika ku Walvis Bay ku Namibia. Ena amalakalaka zakutali: Miami, Southampton, Barcelona kapena Genoa. Kulikonseko kampani imafunsa wogula mafunso aŵiri. Loyamba ndi lakuti akukhala dziko liti. Lachiŵiri ndi lakuti pasipoti yake ndi ya dziko liti. Mafunsoŵa amamveka ngati amodzi, koma ndi aŵiri, ndipo lililonse lili ndi ntchito yakeyake.

Funso la kumene munthu akukhala ndilo limalamula mtengo ndi pangano. Sitima ndi imodzi, chakudya n'chimodzimodzi, koma kampani imagulitsa ulendowo m'misika yosiyana, msika uliwonse ndi mtengo wake, ndalama yake ndi malamulo ake. Wogula ku Miami amalipira madola, wa ku London mapaundi, wa ku Johannesburg marandi, ndipo ndalamazo zikasinthidwa n'kuyerekezedwa sizifanana. Pa tebulo limodzi lodyera pangathe kukhala anthu anayi a zipinda zofanana amene analipira mitengo inayi. Kusiyanako sikuthera pa mtengo pokha. Ku America mwambo wakale ndi wakuti dipoziti yosungitsira malo imabwezedwa munthu akasintha maganizo nthaŵi yomalizitsa malipiro isanakwane, ngakhale kuti masiku ano kulinso matikiti otsika mtengo amene dipoziti yake sibwerera. Ku Britain dipoziti kaŵirikaŵiri ikapita yapita, koma wogula amatetezedwa ndi malamulo a mu 2018 amene amakakamiza wogulitsa maulendo otere kukonzeratu njira yobwezera ndalama za anthu ngati kampani itagwa. Msika uliwonse umapatsa china n'kumana china.

Palinso ndalama imene alendo ambiri oyamba saiyembekeza, ndiyo yothokozera antchito a m'sitima. Makampani akuluakulu a ku America amailemba okha pa ngongole ya mlendo tsiku ndi tsiku, pakati pa madola 15 ndi 25 pa munthu aliyense, malinga ndi kampani ndi mtundu wa chipinda. Banja la anthu anayi likayenda sabata imodzi, ndalamayo imapitirira madola 400. Kampani ya P&O Cruises ya ku Britain inathetsa malipiro ameneŵa mu 2019, kotero kuti tikiti yake ikaoneka yokwera poyerekeza ndi ya ku America, mwina kukwerako n'kwa maso chabe. Mtengo wolembedwa m'zotsatsa malonda nawonso ndi wa munthu mmodzi pamene aŵiri agona chipinda chimodzi. Woyenda yekha angathe kulipira pafupifupi mtengo wa aŵiri.

Munthu akaona pa intaneti kuti mtengo wa ku America ndi wotsika, mtima umamuuza kuti alembe keyala ya mbale wake wa ku Indiana kapena ku Texas, aoneke ngati wokhala komweko. Njira imeneyi ndi chikomekome cha mkuyu. Mitengo ina imaperekedwa kwa okhala m'dziko kapena m'chigawo chakutichakuti okha, ndipo pangano limalola kampani kufuna umboni pa doko. Wosoŵa umboni amalipira ndalama yotsalayo pomwepo, apo ayi sakwera. Makampani ena amaletsa ndithu maejenti awo a ku America kugulitsa matikiti kwa anthu okhala kwina. Choipa koposa n'chakuti inshuwalansi yogulidwa ndi keyala yabodza imatha kukanidwa tsiku lenileni limene ikufunika. Njira yowongoka ndiyo kugula kudzera mwa ejenti wovomerezedwa ndi kampaniyo m'chigawo chimene munthu akukhala, kapena ku ofesi ya kampani yoona za ogula akunja, ndi kupempha kuti alembe pa kalata kuti tikitiyo ikutsata pangano la msika uti. Mtengo ungakwereko pang'ono, koma wogula amadziŵa khomo loti akagogode zinthu zikavuta.

Funso lachiŵiri, la pasipoti, ndilo loopsa kwambiri, chifukwa ndilo limanena ngati munthu akwere kapena atsale. Mapangano a makampani ameneŵa amagwirizana pa mfundo imodzi: kupeza mapepala oyendera ndi udindo wa mlendo mwini, ndipo wobwezedwa pa doko chifukwa chosoŵa viza sabwezeredwa ndalama. Kompyuta yolandira malipiro sifunsa za viza. Imalandira ndalama mwaulemu, n'kutumiza kalata yothokoza, ndipo funso la viza limadzabuka patapita miyezi, pa tebulo la kalaliki wa pa doko, katundu atatsitsidwa kale m'galimoto.

Vuto limayambira pa kuŵerenga malangizo olembera anthu ena. Tsamba la kampani ya ku America lingathe kunena kuti pa ulendo wochokera ku Miami n'kubwereranso ku Miami pasipoti sifunika, kalata ya kubadwa ndi chitupa chokhala ndi chithunzi n'zokwanira. Mawuwo ndi oona, koma akunena nzika za America. Mmalaŵi kapena Mzambia wokwera sitima yomweyo ayenera kukhala ndi pasipoti, viza ya America yomulola kuloŵa kangapo, ndi chilolezo cha dziko lililonse limene sitima idzaimako ngati dzikolo limafuna viza kwa anthu a pasipoti yake.

Ulendo wa ku Alaska umaonetsa bwino mmene msampha umatcherekera. Alaska ndi chigawo cha America, ndipo sitima zambiri zopita kumeneko zimanyamuka ku Seattle, mzinda wa America. Munthu angaganize kuti viza imodzi yakwana. Koma pafupifupi sitima zonse zikuluzikulu zinalembedwa m'kaundula wa maiko ena, monga Bahamas, Panama, Malta ndi Bermuda, ndipo zimakweza mbendera za maikowo. Lamulo la America la mu 1886, lotchedwa Passenger Vessel Services Act, limachepetsa ufulu wa sitima za mbendera yachilendo kunyamula anthu pakati pa madoko a America, kotero kuti sitima yochoka ku Seattle n'kubwerera komweko iyenera kuima pa doko la dziko lina. N'chifukwa chake zimaima ku Victoria m'dziko la Canada, nthaŵi zina maola ochepa chabe amadzulo. Kwa nzika ya America kuimako ndi mpata wokaongola miyendo. Kwa munthu wa pasipoti ya Malaŵi kukutanthauza viza ya Canada, ngakhale atalumbira kuti satuluka m'chipinda chake, pakuti sitima ikaloŵa pa doko onse okweramo aloŵa m'dzikomo.

Viza ya America nayo inavuta m'chaka cha 2025. Kuyambira pa 20 August chaka chimenecho, Malaŵi ndi Zambia anakhala maiko aŵiri oyamba amene nzika zake zinafunsidwa chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 zisanalandire viza ya alendo, ndalama yobwezedwa munthu akatuluka m'dzikomo pa nthaŵi yake. Mu December chaka chomwecho maiko aŵiriŵa, pamodzi ndi Zimbabwe, anaikidwanso pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zinachepetsedwa mwayi wolandira viza yotere. Malamulo osintha kaŵiri m'miyezi isanu ndi chenjezo lokwanira kwa wofuna kulipira ulendo wa chaka chamaŵa: viza iyambe, tikiti itsatire.

Ku Ulaya msampha ndi wamtundu wina. Maiko 29 a m'gulu la Schengen amapereka viza imodzi yogwira ntchito m'maiko onsewo, ndipo wopempha ayenera kusonyeza inshuwalansi ya zachipatala ya mayuro osachepera 30,000. Koma viza imeneyi ilipo yoloŵera kamodzi ndi yoloŵera kangapo. Sitima ikachoka ku Genoa n'kukaima ku Tunis, kapena pa doko la Turkey kapena la Montenegro, yatuluka m'gulu la Schengen, ndipo ikafika ku Palermo kapena ku Barcelona ndiye kuti ikuloŵanso kachiŵiri. Wa viza yoloŵera kamodzi angathe kubwezedwa pa doko loyamba lomwe, chifukwa kampani sifuna kunyamula munthu amene adzakanidwe pakati pa ulendo. Pokapempha viza, munthu ayenera kupereka ndondomeko yonse ya madoko kuti a ku ofesi ya kazembe aone okha kuti kuloŵa kamodzi sikukwana.

Pa Amalaŵi ndi Azambia okhala ku Britain m'pamene mafunso aŵiri aja amapatukana poyera. Namwino wogwira ntchito ku Manchester, wokhala ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo, amagula tikiti ngati wina aliyense wa kumeneko: mtengo wa mapaundi, chitetezo cha malamulo a Britain, inshuwalansi ya konko. Pa funso loyamba iye ndi mwini mudzi. Koma ngati pasipoti yake ikadali ya Malaŵi, pa funso lachiŵiri ndi mlendo. Sitima yochoka ku Southampton kupita ku Norway kapena ku Spain ikupita m'maiko a Schengen, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichiloŵa m'malo mwa viza ya kumeneko. Anzake a kuntchito amene anasungitsa nawo malo tsiku limodzi adzakwera ndi pasipoti zawo za Britain, iye n'kutsala ngati sanakonzekere padera.

Ulendo wa ku Durban ndi wopepukirapo, popeza pasipoti ya Malaŵi imaloŵa ku South Africa masiku 30 popanda viza, ndipo ku Mozambique nakonso viza sifunika pa ulendo waufupi. Ngakhale zili choncho, makampani ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala kuŵerengera tsiku lotsika. Pa maulendo ataliatali opita ku zisumbu za m'nyanja ya Indian Ocean, chisumbu cha Réunion chiyenera kufunsidwa padera, chifukwa ndi gawo la France koma sichili m'gulu la Schengen, ndipo malamulo ake oloŵera ndi akeake. Palinso chenjezo kwa omvera okhala ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Durban komweko. Kukwera sitima yopita ku Mozambique ndiko kutuluka m'dziko la South Africa, ndipo pasipoti imadutsa m'manja mwa akuluakulu oona za oloŵa ndi otuluka. Malinga ndi malamulo a mu 2014, munthu amene wapyola masiku a chilolezo chake amaletsedwa kuloŵanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, mpaka zaka zisanu ngati anapyola ndi masiku oposa 30. Ulendo wa masiku atatu wokasangalala ungathe kum'lekanitsa munthu ndi ntchito yake ndi nyumba yake.

Nkhani ya ndalama ili ndi mbali imene wokhala ku London kapena ku Miami saiganizira n'komwe. Tikiti imalipiridwa kaŵiri: dipoziti poyamba, ndipo yotsala miyezi iŵiri, itatu kapena inayi sitima isananyamuke. Tsikulo likapyola, kampani imafafaniza dzina n'kugulitsa chipindacho kwa wina. Wolandira malipiro ake m'makwacha amakhala ndi ngongole ya ndalama yakunja miyezi yonseyo. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola limodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi madola 1,000 otsala kulipira anagona ndi ngongole ya K1,180,000 n'kudzuka ndi ya K1,700,000. Pamwamba pa izo, ndalama zakunja zikasoŵa mabanki amaika malire pa zimene khadi lingalipire kunja, kotero kuti munthu angathe kukhala ndi makwacha okwanira koma khadi n'kukana pa tsiku lomaliza. M'sitima namonso ndalama za m'thumba sizigwira ntchito pogula zinthu. Mlendo amalembetsa khadi lake la kubanki kapena kusungitsa ndalama poyamba, ndipo zakumwa, maulendo a kumtunda ndi zina zonse zimalembedwa pa ngongole imodzi. Pa sitima zochokera ku Durban tikiti imagulidwa m'marandi koma ngongole ya m'sitima imaŵerengedwa m'madola.

Zinthu zikalakwika, m'pamene zilembo zing'onozing'ono za m'pangano zimayamba kulankhula. Mu 1991 khoti lalikulu la America linaweruza mlandu wa Carnival Cruise Lines ndi banja la a Shute. Banjali linali la m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, ndipo linakwera sitima ya Tropicale kuchokera ku Los Angeles kupita ku Mexico. Mayi Shute anaterereka m'sitimamo n'kuvulala, ndipo anakasuma ku khoti la kwawo. Kampani inaloza mawu a pa tikiti akuti milandu yonse iyenera kukazengedwa ku Florida, kumene kuli likulu lake, ndipo khoti lalikulu linagwirizana ndi kampani. Ngati nzika ya America inauzidwa kudutsa dziko lonse kukafuna chilungamo, wa ku Mzimba kapena ku Chipata angadziŵerengere yekha mtunda wake, kuwonjezapo viza yokaonekera kukhotiko. Matikiti a ku America kaŵirikaŵiri amapereka miyezi isanu ndi umodzi yodziŵitsira kampani za kuvulala ndi chaka chimodzi chokasumira. Pa maulendo otsata pangano la maiko la Athens la mu 1974, limene maiko a ku Ulaya amagwiritsa ntchito, nthaŵi yosumira ndi zaka ziŵiri.

Makampani nawonso amagwa. Mu January 2022 kampani ya Genting Hong Kong, mwini wa Crystal Cruises, inalephera kulipira ngongole zake. Sitima ya Crystal Symphony, imene inkayenera kutsitsa anthu ku Miami, inakhotera ku Bahamas chifukwa khoti la ku America linali litalamula kuti igwidwe kaamba ka ngongole ya mafuta. Anthu amene anali atalipiriratu maulendo am'tsogolo anayamba kulondola ndalama zawo, ndipo njira ya aliyense inadalira kumene anagulira tikiti, doko limene akanakwerera, ndi mmene analipirira. Wolipira ndi khadi amakhala ndi banki yoti akadandauleko. Wotumiza ndalama kwa mbale kuti amulipirire amasiya ufulu wonse wodandaula m'dzina la mbaleyo.

Mu February 2020 sitima ya Diamond Princess inatsekeredwa pa doko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anagwidwa ndi matenda a Covid-19. Maiko monga America, Canada ndi Australia anatumiza ndege kukatenga anthu awo. Pa nthaŵi ngati imeneyo kampani yogulitsa tikiti sindiyo ikulamula. Boma lililonse limayang'ana ake, ndipo wochokera dziko lopanda ndege yotumiza amadalira inshuwalansi yake basi. Tsono inshuwalansi imene kampani imatsatsa pamodzi ndi tikiti kaŵirikaŵiri ndi ya okhala m'dziko la msikawo okha. Mlendo ayenera kugula yake kumene akukhala, yonena momveka kuti ikukhudza ulendo wa panyanja, chithandizo cha dokotala wa m'sitima, amene amalipiritsa ngati chipatala cha pulayiveti, ndiponso kunyamulidwa kuchoka panyanja kupita kuchipatala cha kumtunda. Amayi oyembekezera adziŵenso kuti makampani ambiri salola kukwera amene pakati padzakhale patakwana masabata 24 ulendo usanathe.

Chotsala ndi ulendo wokafika pa doko. Wa ku Durban amachoka kunyumba kwake m'maŵa wa tsiku lomwelo. Wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ayenera kukwera ndege kapena basi mpaka ku Johannesburg, n'kusinthanso kupita ku Durban, ndipo ngati tikiti ya ndegeyo anagula payekha, kampani ya sitima ilibe nayo mlandu ndege ikachedwa. Ndalama ya usiku umodzi m'nyumba ya alendo pafupi ndi doko ndi yochepa poyerekeza ndi tikiti yonse. Pa doko kalaliki amayerekeza dzina la pa tikiti ndi la m'pasipoti chilembo ndi chilembo, kotero kuti mayi amene anasungitsa malo ndi dzina la kubanja pamene pasipoti ili ndi dzina la kwa makolo ake ayenera kukonzetsa zimenezo kudakali masabata, pakuti makampani ena amalipiritsa kusintha dzina masiku akayandikira. Kulembetsa okwera kumatsekedwa ola limodzi kapena aŵiri sitima isananyamuke, chifukwa mndandanda wa maina uyenera kuperekedwa kwa akuluakulu a boma a pa doko zingwe zisanamasulidwe.